Ambulera ya Mayi Crisanta

Pamapepala a kukhonsolo panalembedwa kuti Mayi Crisanta Bibiano ndi ogulitsa makokonati. Ife madalaivala a pasiteji ya kugombe tinkadziwa kuti ntchito yawo yeniyeni inali yoima. Kuima basi, pamalo amodzimodzi, ambulera ili yotambasula, kuyambira seveni koloko m'mawa mpaka dzuwa litapendeka.

Kumbuyo kwawo, pakhoma la siteji, kuli chikwangwani. Lamulo la khonsolo ya kuno ku Puerto Zacatal limati pasiteji iliyonse pazikhala chikwangwani cha mitengo ya takisi, ndiye ife tili nacho: chobiriwira, zilembo zoyera, cholembedwa bwino zedi. Kumsika mapeso 40. Kuchipatala 50. Ku Tamarindo, kuphiri komwe timakhala ife eni tauni, 70. Koma lamulolo silinanene kuti chikwangwanicho chizioneka. Ndiye bungwe lathu la matakisi linapatsa Mayi Crisanta malo patsogolo pake penipeni, malo omwe aliyense m'tauni muno ankawasirira, pomwe basi ya ku bwalo la ndege imatsitsira alendo kukhosi kuli gwaa. Pangano linali limodzi. Ambulera yawo yaikulu ija, ya mizere yofiira ndi yachikasu, isasunthe, ndipo mlendo akafunsa mtengo azingomuyankha kuti, "Funsani adalaivala." Tsiku lomwe chikwangwani chidzaoneke, malo athera pomwepo.

Ine ndine Abundio, wa galimoto nambala 23, ndipo pasiteji imeneyi ndakhalapo zaka 31. Musandiyang'ane choncho. Alendo amabwera miyezi inayi yokha, miyezi inayo timangoyang'ana mvula. Munthu amagula kabotolo ka mowa kuhotela pa mtengo womwe ine ndimadyera masiku awiri, ndiye ndimutenge pa 40? Mxii. Mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mzungu akatsika basi timayang'ana nsapato, timayang'ana chikwama, timayang'ana ngati khungu lapsa kale ndi dzuwa lathu kapena ayi. Amene sanapse ndiye watsopano, ameneyo 500. Amene wapsa, 300. Amene akutsika akulankhula ngati ife safunsanso n'komwe, amangolowa n'kupereka ya pachikwangwani.

Mayi Crisanta sanali munthu wamba kwa ine. Mwana wawo Nicanor ndinamunyamula ndine pa ubatizo, ndiye monga mwa mwambo wathu ine ndinkawaitana kuti akomadre, iwo ankandiitana kuti akompadre. Ubale umenewo kuno ndi waukulu kuposa wa msuweni. Komadre salipira m'galimoto ya kompadre wake, zimenezo n'zotukwana. Madzulo aliwonse ndinkawatenga, iwo ndi chikwanje chawo ndi ndowa yawo, kukwera nawo ku Tamarindo. Ankakhala kutsogolo, n'kuvula nsapato, n'kumandiuza kuti ndimayendetsa ngati ndikunyamula mazira.

Malowo ndinawapemphera ndine amuna awo atamira ndi boti. Nthawi imeneyo Nicanor anali ndi zaka 15, ndipo m'nyumba munalibe olo khofi. Kuchokera tsiku limenelo malo aja ndiwo anali munda wawo. Denga la malata linachokera pamenepo, mankhwala a shuga pamenepo, maluwa a pamanda a amuna awo pamenepo. Makokonati ankasenda bwino, zoona, kumenya katatu kokha chivundikiro chadumpha, madzi osatayika olo dontho. Koma ogulitsa makokonati alipo ambiri pagombe lino, ndipo ambiri mwa iwo amabwerera kwawo ndi theka la ngolo.

Nicanor atakula tinamulowetsa m'bungwe, ankayendetsa galimoto ya munthu wina wodwala msana. Mwana anali wabwino, koma ankadziwa Chingelezi pang'ono, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Mlendo akamufunsa mtengo ankanena weniweni. Tinamulangiza. Ine ndemwe ndinamukoka khutu kuseri kwa siteji, ndikuti, "Mwanawe, ukufuna kukhala woyera mtima pita kwa ansembe, kuno tikufuna kudya." Ankangoseka. Tsiku lina mayi ake atapita kukatunga madzi, anazula ambulera n'kuikokera pambali kuti alendo awiri okalamba awerenge okha. Anawerenga, anajambula, anauza anzawo a m'basi yonse.

Mlembi wa bungwe lathu, Don Telesforo, anaitanitsa msonkhano pompo, pasiteji, madalaivala tonse titazungulira. Iye sakweza mawu, ndiye kuopsa kwake.

"Mayi Crisanta, ambulera inasuntha. Munaisuntha ndinu?"

"Si ine."

"Ndiye ndani? Chifukwa ngati ndi mphepo, ndiye kuti malowa akufunika munthu wamphamvu kuposa inu."

Mayi Crisanta sananene dzina. Anangotembenuza mutu n'kuyang'ana mwana wawo. Zinali zokwanira. Nicanor analandidwa makiyi tsiku lomwelo, ndipo mwezi usanathe anapita kumpoto, ku Canada, kukagwira ntchito m'minda ya tomato. Potsanzika anauza mayi ake mawu amodzi omwe ine ndinawamva ndi makutu angawa: "Amayi, inu simugulitsa makokonati, mumagulitsa mthunzi." Sanalembe kalata, sanaimbe foni. Mayi ake nawo sanamusake. Anatenga ndowa yakale ya penti, anaimikamo paipi, anathiramo simenti, kuti ambulera izilowa m'paipimo ndipo wina asadzaikokenso. Zinakhala choncho zaka khumi ndi chimodzi. Dzina la Nicanor m'galimoto yanga silinkatchulidwa.

Ndiye kunabwera Lachiwiri lina la mu Febuluwale, cha m'ma wani koloko masana, kukutentha moti phula linkamata kunsapato. Basi inatsitsa anthu. Womaliza kutsika anali mzimayi wachizungu, wamtali, wa zaka ngati makumi anayi, woyera mbuu ngati sanaonepo dzuwa. Sutikesi analibe. Anali ndi chikwama chimodzi chakuda, atachikumbatira kutsogolo. Ine ndinali woyamba pamzere.

Anayamba wapita pangolo kukagula kokonati. Pofuna kutulutsa ndalama anakhazika chikwama chake pangolopo, pomwe pamakhala ponyowa nthawi zonse.

"Chotsani chikwamacho apa," anatero akomadre, osakweza n'komwe maso. "Apa ndi pantchito, si patebulo."

Mzimayiyo anapepesa, anachinyamulanso. Anamwa madzi ake, kenaka anafunsa m'Chisipanishi chothyokathyoka, chonga cha munthu amene anachiphunzirira kukhitchini.

"Mayi, takisi kupita ku Tamarindo, ndi zingati?"

"Funsani adalaivala."

Anatembenukira kwa ine. Ku Tamarindo alendo sapitako, kulibe nyanja, kuli agalu ndi fumbi. Ndinaganiza kuti ndi awa ofuna zipinda zotchipa, amene amabwera ndi ndalama zambiri koma n'kumafuna kukhala ngati osauka. Amenewo amandinyansa kwambiri.

"500," ndinatero.

"Ayi," iye anatero mwaulemu. "Amuna anga anandiuza 50."

Madalaivala anzanga anali atakhala pabenchi, ndipo Lencho, amene pakamwa pake sipauma, anayamba kale kuseka.

"Amuna anuwo anabwera liti kuno, mayi? Nthawi ya abulu?" anatero Lencho.

"Anati ndisapereke zoposa. Anati pali mtengo wolembedwa."

Anayang'ana uku ndi uku, akufufuza pomwe palembedwa. Chikwangwani chinali masitepe atatu kuchokera pomwe anaima. Akomadre anali akupukuta ngolo yawo ndi nsanza.

Ndikanatha kutsitsa n'kunena 300, n'kutheka akanakwera. Koma kunali kutentha, ndinali ndisanadye, ndipo anzanga anali akuseka, ndiye ndinafuna kuti aseke kwambiri.

"Mayi, ngati amuna anu akudziwa bwino mitengo, ndiye akutengeni okha amuna anuwo."

Benchi yonse inagwa nacho chiseko. Mzimayiyo sanakwiye. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anafunsa kuti Tamarindo ili mbali iti. Lencho analoza phiri ndi mlomo. Iye anakumbatira chikwama chake n'kuuyamba wapansi. Ife tinati akafika pamphambano abwerera yekha, onse amabwerera. Kenaka kunabwera basi ina, tinamuiwala.

Cha m'ma faifi koloko ndinanyamula akomadre monga mwa masiku onse. Kuchoka pasiteji kukafika kwawo ndi makilomita asanu ndi awiri, anayi omalizawo ndi chitunda chokhachokha. Tikukhota pa mtengo wa bwemba tinaona munthu atakhala pakhonde pawo. Nsapato anali atavula, zidendene zili matuza okhaokha, nkhope ndi khosi zili psuu. Chikwama chinali pamiyendo.

"Uyu si mzungu wanu uja?" anatero akomadre. "Akufuna chiyani pakhomo panga?"

Tinatsika. Mzimayiyo anaimirira movutika. Anatiyang'ana tonse awiri, ndipo ndinaona kuti watizindikira, wa makokonati ndi wa takisi. Anapisa m'thumba n'kutulutsa chithunzi chakale chopindika m'makona. Munali mtsikana atanyamula khanda lovala zoyera, pambali pake mwamuna woonda wa tsitsi lambiri. Mtsikanayo anali akomadre, mwamunayo ndinali ine.

"Ndikufuna mayi ake a Nicanor," anatero.

"Ndine."

"Ine ndine Darlene, mkazi wake. Anadwala miyezi isanu. Anati ndimubweretse kwa amayi ake. Ndamubweretsa."

Ndinayang'ana kumsewu, mwina Nicanor akubwera pambuyo. Uchitsiru wanga! Darlene anatsegula zipi ya chikwama. Munali kabokosi ka matabwa, kakang'ono kuposa batire ya galimoto. Kumeneko kumpoto mitembo amaiwotcha, n'kusunga phulusa.

Ndinadikira kuti akomadre akuwe, agwe pansi, ang'ambe zovala monga amachitira azimayi a kwathu. Sanatero. Analandira chikwama chonsecho ndi manja awiri, anachitembenuza, anayang'ana kunsi kwake. Madzi a pangolo aja anali atauma kalekale, pangotsala banga loyera. Anatenga nsonga ya epuloni yawo n'kuyamba kupukuta bangalo, pang'onopang'ono, mpaka linachoka. Kenaka anafunsa Darlene kuti, "Mwadya?"

Ine ndinaima pabwalopo makiyi ali m'manja. Ndinkafufuza m'chifuwa mwanga kuti mwina ndipezamo chisoni kapena manyazi, koma munali zii, ngati mwendo womwe waukhalira nthawi yaitali. Chomwe ndinkaganiza n'chakuti Nicanor anangophonya ndi mapeso 20. Pomwe ankachoka mtengo unalidi 50.

Mwambo wa maliro unayenda monga umayendera. Masiku asanu ndi anayi a mapemphero m'nyumba, khofi ndi buledi kwa aliyense wobwera. Bungwe linatumiza nkhata yaikulu ya maluwa. Tsiku loika m'manda matakisi onse 40 anamanga nsalu zakuda pamagalasi n'kutsatira kabokosi kaja akuliza mahutala, chifukwa amene anagwirapo chiwongolero pasiteji pathu amaperekezedwa choncho, olo tinamuthamangitsa. Don Telesforo analankhula kumanda, anati Nicanor anali mwana wa bungwe. Lencho analira mpaka mamina. Akomadre anangoima, manja ali pamimba, akuyang'ana amisiri akusalaza simenti pamanda, pambali pa amuna awo.

Darlene anakhala milungu iwiri. Ankagona pabedi la Nicanor, ankathandiza kutsuka makapu, ndipo iye ndi apongozi ake ankakhala pakhonde maola ambiri osalankhulana. Darlene sanandinenere chilichonse kwa wina aliyense. Ankandipatsa moni ngati mmene ankapatsira ena onse. Tsiku lobwerera ndinapita m'mamawa, galimoto nditaitsuka, ndikuti ndimuperekeze mpaka ku bwalo la ndege kwaulere.

"Zikomo, bambo," anatero. "Ndikwera basi."

Anatsika phirilo wapansi, chikwama chakuda chija chikulendewera paphewa, chopanda kanthu.

Lolemba lotsatira akomadre anabwerera kuntchito. Ndinawatenga ndine m'mawa. Anakankha ngolo yawo kuchokera kwa mlonda wa kumsika komwe inkagona, anaiika pamalo ake, anayala makokonati, ananola chikwanje. Ndowa ya simenti inali pomwepo, paipi ili yasaa. Ambulera panalibe.

Mayi Crisanta ndi aafupi, mutu wawo umalekeza pomwe chikwangwani chimayambira. Ndiye chonse chinali poyera, kuyambira kumsika mpaka ku Tamarindo, zilembo zikuwala ngati azilemba dzulo, poti dzuwa linali lisanazionepo. Ena mwa madalaivala achichepere anali asanachionepo chonse. Anaima n'kumachiwerenga ngati nkhani ya m'nyuzi.

Palibe anawafunsa za ambulera. Mayi woferedwa mwana sakalipiridwa masiku makumi anayi asanathe, olo Don Telesforo amadziwa zimenezo. Tinati mwina aiwala, mawa abwera nayo. Mawa sanabwere nayo. Mkuja sanabwere nayo. Ankaima padzuwa lija tsiku lonse mutu uli pamtunda, olo chipewa. Khungu linada, milomo inang'ambika. Alendo akafunsa mtengo sankayankha kuti funsani adalaivala, komanso sankaloza chikwangwani. Ankangosenda kokonati, n'kupereka, n'kulandira ndalama. Alendo ankakweza okha maso.

Mwezi umenewo tinauona. Munthu amatsika basi, amayang'ana khoma, amajambula ndi foni, n'kubwera kwa iwe akumwetulira ali ndi 40 m'manja. Ukati 300 amangoloza ndi chala. Lencho anayesa kuyanika thaulo pachikwangwanicho, mphepo ya kunyanja inaliulutsa. Wina anayesa kuimika galimoto patsogolo pake, wapolisi wa pamsewu anamulipiritsa. Inali miyezi yomaliza ya alendo, mvula ili pafupi, ndipo pabenchi anthu anayamba kuwerenga masiku makumi anayi aja mokweza.

Tsiku la 41 Don Telesforo anandiitanira muofesi.

"Abundio, mayi aja ndi akomadre ako. Unawabweretsa ndiwe. Kawauze kuti Lolemba ambulera ikhale m'paipi. Ngati ayi, pali mkulu wina wogulitsa zipewa ali ndi shelefu yaitali kuposa khoma lonselo, wakhala akundipempha zaka zitatu."

"Don Telesforo, mwana wawo wangomwalira kumene."

"Ndikudziwa, ndinalankhula pamaliro. Koma pasiteji pano pakudya mabanja 40. Ndiwauze chiyani akazi awo? Sindikuwathamangitsa mayiwo. Ndikungopempha ambulera."

Sindinganame, sindinamuone ngati akulakwitsa. Inenso mwezi umenewo akazi anga anali atayamba kundifunsa ngati galimoto yasanduka ya mpingo.

Ndinawauza madzulo omwewo tikukwera phiri. Ndinazungulira kaye, ndinayamba ndi za dzuwa.

"Akomadre, mudzidwalitsa. Taonani mmene mwadera. Ndi shuga wanu uja..."

"Sindikulimva dzuwalo."

"Simukulimva bwanji? Phula likusungunuka!"

"Sindikulimva, akompadre. Olo chakudya sindikuchimva. Ndimangotafuna."

"Don Telesforo akuti Lolemba. Ambulera ikapanda kubwerera, malo apita kwa wa zipewa."

Tinadutsa mpope wa madzi.

"Ambulera ili kumanda," anatero. "Amisiri anati simenti yatsopano ikapsa ndi dzuwa imang'ambika. Ndiye ndinakaizika pamenepo."

"Simentiyo inauma kalekale."

"Inaumadi. Ngati akuifuna akaitenge. Kapena kaitengeni inuyo, mukudziwa pomwe ali."

Loweruka ndinapitadi. Manda athu ali pamtetete, palibe mtengo olo umodzi, ndiye ndinaiona ndili kugeti: mizere yofiira ndi yachikasu pakati pa mitanda. Anaizika kumutu, n'kuitsamiritsa ndi miyala. Mthunzi wake unkaphimba manda onse a Nicanor ndi theka la a bambo ake. Pansi pake panali kokonati wosenda kale, kapaipi komwera katalowetsedwa, nyerere zikukwera. Ndinagwira mtengo wa ambulerayo. Inali yosavuta kuzula, dzanja limodzi likanakwana. Ndinaima pamenepo mwina theka la ola, mutu wanga uli mumthunzi, msana uli padzuwa. Sindinapemphere, sindinalire. Kenaka ndinaisiya, ndinapita kumsika n'kukagula ina yatsopano, yaikulu kuposa ija, yabuluu.

Lolemba ndinalawirira, ndinailowetsa m'paipi ndekha akomadre asanafike ndi ngolo, n'kuitambasula. Chikwangwani chinabisika bwinobwino. Pabenchi anthu anapuma. Lencho anati, "Abundio, lero mowa ndikugulira ndine."

Akomadre anafika akukankha ngolo. Anaima, anayang'ana ambulera yabuluuyo.

"Ya ndani iyi?"

"Yanu, akomadre. Ndakugulirani. Simukufunika kuchita chilichonse, ingoimani pansi pake monga kale. Basi. Zina zonse zisiyeni."

Ndinkawachonderera, ine munthu wamkulu, pamaso pa anzanga. Ndinawakumbutsa za mankhwala. Ndinawafunsa kuti pa zaka 62 akayambira pati, kugombe komwe atsikana amathamanga ndi makokonati pamutu? Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anapita pa ambulerayo, anaipinda bwinobwino, anamanga kachingwe kake, anaizula m'paipi n'kundipatsa m'manja.

"Kapatseni akazi anu, ndi yabwino," anatero. N'kuyamba kuyala makokonati.

Don Telesforo anali ataima pakhomo la ofesi, anaona zonse. Sanabwere. Anawalola kugulitsa tsiku lonselo. Cha m'ma folo koloko lole yaing'ono inafika ndi shelefu ya zipewa, anthu awiri anaitsitsa n'kuiimika pambali, akudikira. Akomadre sanafunse. Anatsuka ngolo yawo monga ankachitira masiku onse, anaikankhira kwa mlonda wa kumsika, anabwerera kudzatenga ndowa, chikwanje ndi makokonati asanu ndi limodzi otsala. Ndowa ya simenti ija anthu a zipewa anaigubuduzira kuseri kwa siteji. Tisananyamuke n'komwe khoma linali litadzaza zipewa kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Ndinatsegula chitseko cha kutsogolo. Iwo anatsegula cha kumbuyo n'kukhala kumeneko, chikwanje chili pamiyendo. Nsapato sanavule.

Tinakwera phiri. Ndinkawayang'ana pagalasi. Ankayang'ana panja, msewu womwe Darlene anayenda, mpope wa madzi, agalu, kagolosale. Pa nkhani ya tsiku lija ine ndi iwo tinali tisanalankhulanepo olo kamodzi, ngakhale tonse tinalipo, wina masitepe atatu kuchokera kwa mnzake. Ndinaona kuti ngati sindinena lero sindidzanenanso.

"Akomadre, tsiku lija... mawu aja ndinanena kwa mkazi wa Nicanor..."

"Ine ndinamuchotsa mwana wanga pangolo," anatero, akuyang'anabe panja. "Anabwera kwa ine poyamba, asanafike kwa inu. Ndinati achoke, apa ndi pantchito."

"Simunkadziwa."

"Eya. Sindinkadziwa."

Tinafika pa mtengo wa bwemba. Ndinatsitsa makokonati n'kuwaika pakhonde. Ndikubwerera kugalimoto ndinawapeza ataima pazenera la kutsogolo, akumasula kampango komwe ankasungiramo ndalama. Anatulutsa ya pepala ya 50 ndi ya 20, n'kunditambasulira dzanja.

"Aaa, akomadre, n'chiyani chimenechi? Mukundinyoza?"

"Ku Tamarindo ndi 70."

"Chiyambire munayamba mwalipirapo m'galimoto muno? Bwezani ndalama zanuzo. Ndinu akomadre anga!"

"Mwana amene munanyamula uja kulibe," anatero. Mawu awo anali wamba, ngati akunena mtengo wa kokonati. "Sindikukwiyirani. Olo nditafuna, ndilibe pokwiyira."

Ndinaika manja kumbuyo ngati mwana wokana mankhwala. Iwo analowetsa dzanja pazenera n'kusiya ndalamazo pampando wa kutsogolo, pomwe ankakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

"Zikomo, adalaivala. Muyende bwino."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Masiku ano amagulitsa makokonati pakhonde pawo pomwepo, kwa anthu a ku Tamarindo, amene ambiri ali ndi mitengo ya kokonati yawoyawo kuseri kwa nyumba. Tsiku labwino amagulitsa anayi. Ndikamadutsa ndimaliza hutala, iwo amakweza dzanja monga amakwezera kwa takisi iliyonse. Ambulera ija ikadali kumanda, mizere yofiira yasanduka yotuwa.

Ine m'mawa mwake ndinali wachitatu pamzere. Basi inatsitsa mwamuna ndi mkazi wake, oyera mbuu, masutikesi awiri. Anayang'ana khoma, anaona zipewa. Anabwera kwa ine n'kufunsa kuti kumsika ndi zingati. Ndalama za akomadre zinali zikadali pampando, sindinazikhudze. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti 500.